Chuma cha mbiri chikaikidwa pa intaneti, chifike kwa eni ake

Olemekezeka Akonzi,

Ndiloleni kuti kudzera m'nyuzipepala yanu ndiikepo mlomo pa nkhani imene ili m'kamwam'kamwa pakati pa oyang'anira nyumba zosungiramo zinthu zakale, malaibulale ndi malo osungiramo zikalata m'mayiko ambiri, yomwe ndi yojambula chuma cha mbiri ndi chikhalidwe n'kuchiika pa intaneti kuti anthu ochuluka azichiona popanda kuyenda ulendo. Ntchito imeneyi ndikuivomereza ndi mtima wonse, ndipo ndikanakonda ikanafulumira kuposa mmene ikuyendera panopa. Chimene chandikakamiza kulemba n'chakuti nkhaniyi ikamakambidwa, chidwi chonse chimapita pa makina atsopano ndi masamba a pa intaneti okongola, pomwe munthu amene akuyenera kupindula, makamaka uja amene makolo ake anapanga zinthuzo, satchulidwa n'komwe.

Kufunika kwa ntchitoyi sikuchita kufunsa. Myuziyamu iliyonse yaikulu imaonetsa kachigawo kochepa chabe ka zimene ili nazo. British Museum ya ku London ili ndi zinthu pafupifupi 8 miliyoni, koma zimene mlendo angazione m'zipinda zoonetsera pa nthawi imodzi ndi pafupifupi 80,000 zokha, kutanthauza chinthu chimodzi pa 100 zilizonse. Zotsalazo zili m'mabokosi ndi m'mashelefu, kumene amafikako ndi ogwira ntchito komanso akatswiri ochepa a kafukufuku amene apatsidwa chilolezo. Ngakhale zoonetsedwazo, munthu wakutali kuti akazione ayenera kukhala ndi pasipoti, chiphaso cholowera m'dzikolo ndi ndalama za ndege, ndipo anthu ambiri padziko lapansi sadzazikwanitsa zimenezi moyo wawo wonse. Mwana wasukulu amene ali ndi foni m'manja angathe lero kuona chinthu chimene agogo ake ankangochimva, ndipo ameneyu ndi mwayi umene sitiyenera kuupeputsa.

Mabungwe ena anauona msanga mwayi umenewu. Mayiko a ku Ulaya anakhazikitsa Europeana m'chaka cha 2008 kuti zinthu za m'mamyuziyamu ndi m'malaibulale awo zizipezeka pamalo amodzi, ndipo kampani ya Google inayamba ntchito yofananayo m'chaka cha 2011 ndi mamyuziyamu 17. Koma chitsanzo chimene chimandigwira mtima ndi cha Rijksmuseum ya ku Amsterdam. Ogwira ntchito kumeneko anapeza kuti chithunzi chotchuka cha Johannes Vermeer, choonetsa mayi akuthira mkaka, chinali pa intaneti m'makope oposa 10,000, ambiri mwa iwo osaoneka bwino ndiponso achikasu, mpaka alendo ena ankakayikira kuti mapositikhadi a myuziyamuyo akuonetsa mitundu yeniyeni ya chithunzicho. M'malo mothamangitsana ndi okopawo, myuziyamuyo inatulutsa zithunzi zake zabwino kwaulere, ndipo m'chaka cha 2012, nyumba yake yaikulu idakali yotseka chifukwa cha ntchito yoikonzanso, inaika pa intaneti zithunzi 125,000 kuti aliyense azitenge ndi kuzigwiritsa ntchito. Metropolitan Museum of Art ya ku New York inatsatira m'chaka cha 2017 ndi zithunzi 375,000, bungwe la Smithsonian la ku America linamasula zithunzi 2.8 miliyoni mu Febuluwale 2020, ndipo Louvre ya ku Paris inaika kaundula wa zinthu zoposa 480,000 pa intaneti mu Malichi 2021.

Alipo amene amaopa kuti anthu akaona zinthu pa foni adzaleka kupita kumyuziyamu. Mantha amenewa sindiwaona kuti ali ndi maziko, pakuti Louvre yomweyo inalandira alendo pafupifupi 8.9 miliyoni m'chaka cha 2023, kaundula wake ali kale pa intaneti. Munthu akachidziwa chinthu m'pamene amafuna kukachiona ndi maso.

Mliri wa COVID-19 ndi umene unaonetsa poyera kuti mwayi umenewu sunagawidwe mofanana. Bungwe la UNESCO linalengeza mu Meyi 2020 kuti mamyuziyamu oposa 85,000, omwe ndi pafupifupi 90 pa 100 alionse padziko lonse, anatseka zitseko zawo pa nthawiyo. Amene anali atakonzeka kale anapitiriza kutumikira anthu kudzera pa intaneti, koma ku Africa ndi m'mayiko ang'onoang'ono a pazilumba, mamyuziyamu 5 okha pa 100 alionse ndi amene anatha kuika kanthu pa intaneti. Otsalawo anangoti zii, ngati kulibe. Sikuti analibe zoti aonetse kapena anthu aluso, koma ntchito yoyambirira, yomwe imatenga zaka ndipo siikopa atolankhani, inali isanachitike.

Ntchito yoyambirirayo ndi kaundula, ndipo apa m'pamene pagona mfundo yanga yaikulu. Chinthu chilichonse chiyenera kukhala ndi nambala yake, chithunzi chake, miyeso yake, dzina la kumene chinachokera, chaka chimene chinalowa m'myuziyamu, ndi mmene chinafikira m'manja mwa amene anachibweretsa. Popanda zimenezi palibe chimene chingaikidwe pa intaneti mwa njira yoti munthu n'kuchipeza, ndiponso palibe amene angadziwe chinthu chikasowa. Amene akuganiza kuti vutoli ndi la mabungwe osauka okha akumbukire zimene zinachitika ku British Museum mu Ogasiti 2023, pamene zinadziwika kuti zinthu pafupifupi 2,000, zambiri mwa izo timiyala tamtengo wapatali ndi zodzikongoletsera zagolide, zinabedwa, kusowa kapena kuonongeka, ndipo zina zinali zitagulitsidwa pa intaneti. Kuzilondola kunavuta chifukwa zambiri zinalibe zithunzi kapena sizinalembedwe mokwanira. Mkulu wa myuziyamuyo anatula pansi udindo, ndipo patangopita miyezi iwiri akuluakulu ake analengeza kuti ajambula ndi kulemba zinthu zonse, ntchito yokhudza zolembedwa za m'kaundula zokwana 2.4 miliyoni imene anati itenga zaka zisanu. Ngati nyumba imene yakhalapo kuyambira m'chaka cha 1753 inali isanamalize kuwerenga katundu wake, tisadabwe kuona mamyuziyamu ang'onoang'ono ali ndi makabuku ong'ambika olembedwa pamanja, koma tisavomerezenso kuti zinthu zikhale choncho.

Moto nawonso watiphunzitsa zowawa. Usiku wa pa 2 Seputembala 2018, myuziyamu yaikulu ya dziko la Brazil ku Rio de Janeiro, imene inali itangokwanitsa zaka 200 ndipo inkasunga zinthu pafupifupi 20 miliyoni, inapsa, ndipo zambiri mwa zinthuzo zinasanduka phulusa. Zina mwa zimene zinatayika ndi mawu ojambulidwa a zilankhulo za anthu oyamba kukhala m'dzikolo, kuphatikizapo zilankhulo zimene palibenso wozilankhula. Motowo utazima, ophunzira ndi anthu ongodzipereka anayamba kupempha aliyense amene anachezerapo myuziyamuyo kuti atumize zithunzi zimene anajambula ndi foni yake, chifukwa kwa zinthu zina umboni wotsala unali womwewo. Mu Epulo 2021 moto unaononganso laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town, momwe munali mabuku, mafilimu ndi zikalata zosowa zokhudza Africa. Tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris chitapsa mu Epulo 2019, akatswiri anali ndi poyambira, ndipo zina mwa zimene anali nazo ndi miyeso imene katswiri wa mbiri ya zomangamanga Andrew Tallon anaitenga ndi makina a leza zaka zingapo motowo usanachitike. Chithunzi sichilowa m'malo mwa chinthu chenicheni, koma chinthucho chikapsa, kusiyana kwa kukhala ndi chithunzi ndi kukhala wopanda kalikonse n'kwakukulu kwambiri.

Kaundula akakonzeka, funso lotsatira ndi lakuti anthu amene tikufuna kuwafikirawo ndi ati, ndipo akugwiritsa ntchito chipangizo chotani. Bungwe la ITU, lomwe limaona za mauthenga ndi matelefoni pansi pa United Nations, linanena kuti m'chaka cha 2024 anthu pafupifupi 2.6 biliyoni anali asanayambe kugwiritsa ntchito intaneti, ndipo ku Africa oigwiritsa ntchito anali 38 okha pa 100 alionse. Ambiri mwa amene ali nayo amalowa ndi foni yaing'ono, amagula data pang'onopang'ono, ndipo netiweki imabwera n'kumadukaduka. Munthu wotereyu sangapindule ndi tsamba limene limamuyendetsa m'zipinda za myuziyamu ngati ali momwemo, chifukwa tsamba lotero limalemera, limachedwa kutseguka ndipo limamudyera data yonse asanaone kanthu. Amapindula ndi chithunzi chopepuka chokhala ndi mawu omveka, kapena mawu ojambulidwa a mphindi ziwiri amene angawasunge n'kutumizira mnzake pa WhatsApp. Mphunzitsi amene sukulu yake ilibe netiweki amapindula akatha kukopera zithunzi ndi nkhani zake kamodzi n'kukaziphunzitsa chaka chonse. Wailesi, yomwe ambiri amaiiwala akamakamba za luso lamakono, ingathe kuulutsa nyimbo ndi nthano zakale zimene zajambulidwanso pa kompyuta n'kufikira anthu amene tsamba la pa intaneti silidzawafikira. Tisaiwalenso anthu osaona, amene amadalira kuti chithunzi chilichonse chikhale ndi mawu ochifotokoza kuti makina awawerengere, ndi anthu osamva, amene amafuna mawu olembedwa pansi pa kanema. Nyumba imene yachotsa masitepe pakhomo kuti wa njinga ya olumala alowe isamangenso masitepe ena pa intaneti.

Chilankhulo ndi khoma lina lalitali. Makaundula ambiri analembedwa m'Chingelezi, m'Chifalansa kapena m'Chijeremani ndi anthu amene anatola zinthuzo pa nthawi ya utsamunda, ndipo kawirikawiri dzina la wotolayo lilipo lonse, pomwe pa dzina la mmisiri palembedwa kuti sakudziwika. Mayina a mitundu ya anthu analakwitsidwa, zipangizo za miyambo zinapatsidwa mayina onyoza, ndipo ntchito ya chinthu inalembedwa mongoganizira. Kukopera zolembedwa zoterezi pa intaneti mmene zilili ndi kufalitsa zolakwikazo kwa anthu mamiliyoni. Kuonjezera apo, munthu amene akudziwa chinthu ndi dzina la kwawo sangachipeze akalilemba pofufuza, chifukwa makinawo sakulidziwa.

Pali ntchito imodzi imene inaonetsa kuti zingatheke kuchita mosiyana. M'chaka cha 1897 asilikali a Britain anaukira mzinda wa Benin, womwe lero uli m'dziko la Nigeria, n'kutenga zosula zamkuwa ndi zosema za minyanga ya njovu zikwizikwi m'nyumba ya mfumu, ndipo zinthuzo zinamwazikana m'mayiko ambiri. Mu Novembala 2022 panatsegulidwa tsamba la Digital Benin, limene linasonkhanitsa pamalo amodzi zinthu zoposa 5,000 zosungidwa m'mabungwe 131 a m'mayiko 20. Chimene chimandisangalatsa si kuchuluka kwa zinthuzo kokha, koma kuti zinasanjidwanso motsatira mayina ake a m'chilankhulo cha Edo, ndipo mawu a amisiri ndi akuluakulu a mumzindawo anajambulidwa akufotokoza ntchito ya chinthu chilichonse. Apa eni ake anakhala aphunzitsi, osati oonerera chabe. Ndikukhulupirira kuti myuziyamu iliyonse imene ikuika zinthu zake pa intaneti iyenera kutsegula njira yoti anthu odziwa azikonza zolakwika ndi kuonjezera zimene akudziwa, ndipo mayina awo azilembedwa monga amalembedwera a akatswiri a m'mayunivesite.

Komabe ndiyenera kuchenjeza pa mfundo imodzi, chifukwa pali chiyeso choti chithunzi chisanduke chonamizira chokanira kubweza chinthu. Lipoti limene akatswiri awiri, Felwine Sarr ndi Bénédicte Savoy, anapereka kwa mtsogoleri wa dziko la France, Emmanuel Macron, mu Novembala 2018, linati m'mamyuziyamu a boma a dzikolo muli zinthu pafupifupi 90,000 zochokera kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, ndipo pafupifupi 70,000 mwa izo zili m'myuziyamu imodzi ya Quai Branly ku Paris. M'chaka cha 2021 France inabweza zinthu 26 ku dziko la Benin (osati mzinda wa Benin wa ku Nigeria uja), zimene asilikali ake anatenga mumzinda wa Abomey m'chaka cha 1892, ndipo m'chaka cha 2022 Germany inasaina pangano lopereka umwini wa zosula zoposa 1,000 zochokera mumzinda wa Benin ku boma la Nigeria. Kaundula wa pa intaneti amathandiza kwambiri pa nkhani zoterezi, chifukwa dziko silingapemphe chinthu chimene silikudziwa kuti chili kuti. Koma kumuuza munthu kuti akhutire ndi chithunzi pomwe chuma chake chili m'nyumba ya wina kuli ngati kumuonetsa mwini ng'ombe chithunzi cha ng'ombe yake ili m'khola la amene anailanda. Chinthu chikabwerera kwawo, zithunzi, miyeso ndi zolembedwa zake zonse ziyenera kupita nacho limodzi, ndipo eni ake ndi amene aziganiza za kagwiritsidwe kake.

Nkhani ya umwini wa zithunzi si yaing'ono. Chosema cha mutu wa mfumukazi Nefertiti ya ku Egypt, chimene chili ku Neues Museum mumzinda wa Berlin, chinajambulidwa ndi makina oonetsa mbali zonse, koma wojambula wina, Cosmo Wenman, analimbana zaka zitatu pogwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza zimene mabungwe a boma akusunga, kufikira anapeza zojambulidwazo n'kuzifalitsa m'chaka cha 2019. Chaka chomwecho mgwirizano wa European Union unakhazikitsa lamulo lonena kuti chithunzi chongokopera ntchito yaluso imene umwini wake unatha kale sichingakhale ndi umwini watsopano. Lamuloli ndi lanzeru. Sizomveka kuti mphunzitsi kapena wolemba buku la ana azilipira ndalama zambiri kuti asindikize chithunzi cha chosema chimene chinapangidwa zaka zoposa 3,000 zapitazo.

Ponena zimenezi sindikutanthauza kuti chilichonse chiyenera kuonekera kwa aliyense. M'mamyuziyamu ambiri muli mafupa a anthu, zipangizo zopatulika ndi nyimbo zimene eni ake amaziimba pa nthawi yake ndi pamaso pa oyenera okha. Kuika zoterezi poyera popanda kufunsa ndi kubwereza chipongwe chimene chinachitika pozitenga. Anthu a mtundu wa Warumungu kumpoto kwa Australia, mothandizana ndi akatswiri, anakonza pulogalamu ya kompyuta yotchedwa Mukurtu, imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 2007, yomwe imalola eni chikhalidwe kusankha amene angaone chithunzi kapena kumva nyimbo inayake molingana ndi malamulo awo, ndipo mitundu ina m'mayiko osiyanasiyana ikuigwiritsanso ntchito. Izi zikusonyeza kuti makina angathe kumvera mwambo ngati oyendetsa ntchitoyo ayamba akhala pansi ndi eni ake.

Pali chinthu china chimene opereka thandizo la ndalama sakonda kuchimva, chomwe ndi chakuti zosungidwa pa kompyuta sizidzisunga zokha. M'chaka cha 1986 bungwe la BBC linasonkhanitsa zithunzi, mapu ndi nkhani za moyo wa ku Britain kuchokera kwa anthu oposa 1 miliyoni, ambiri mwa iwo ana asukulu, pokumbukira kuti panatha zaka 900 chilembedwere kaundula wa minda ndi chuma cha ku England wotchedwa Domesday, wa m'chaka cha 1086. Zonsezo zinaikidwa pa zimbale zamakono za nthawiyo, koma pasanathe zaka 20 makina oziwerengera anali atasowa, moti akatswiri anachita kuvutika kuti azipulumutse, pomwe kaundula wakale uja, wolembedwa pa zikopa, akuwerengekabe mpaka lero. Mu Okutobala 2023 zigawenga za pa intaneti zinathyola makompyuta a British Library n'kufuna dipo, ndipo laibulaleyo itakana kulipira, kaundula wake wa pa intaneti sanagwire ntchito mpaka mu Januwale 2024, pomwe ntchito zina zinachedwa kwambiri kuposa pamenepo. Choncho kujambula ndi chiyambi chabe. Pamafunika makope angapo osungidwa m'malo osiyana, kusamutsa mafayilo makina akamasintha, magetsi odalirika, chitetezo, ndi anthu olembedwa ntchito yokhazikika amene akudziwa kuchita zimenezi. Zimamvetsa chisoni kuona ntchito ikuyamba ndi chikondwerero chachikulu pa thandizo la zaka ziwiri kapena zitatu, kenako thandizolo likatha tsamba n'kuzima, achinyamata amene anaphunzitsidwa n'kupita kukafuna ntchito kwina, mafayilo n'kutsala pa kompyuta imodzi imene palibe akukumbukira nambala yake yachinsinsi.

N'chifukwa chake ndikuona kuti maboma sayenera kusiyira ntchitoyi makampani akuluakulu ndi mabungwe akunja okha. Kugwirizana nawo n'kwabwino, ndipo zatheka zambiri mwa njira imeneyi, monga masamba oposa 40,000 a zolembedwa pamanja za ku Timbuktu, m'dziko la Mali, amene anaikidwa pa intaneti m'chaka cha 2022 mothandizana ndi Google. Ndondomeko ya Endangered Archives Programme ya British Library, imene inayamba m'chaka cha 2004, ili ndi mfundo yoyenera kutengera, yakuti zikalata zenizeni zimatsala m'dziko lake ndipo makope a pa kompyuta amasungidwanso komweko. Koma kampani ili ndi ufulu wosintha ndondomeko zake kapena kutseka ntchito imene siikuipindulira, ndipo myuziyamu imene ilibe makope akeake, kapena inasaina pangano osaliwerenga bwino, idzapezeka tsiku lina ikupempha chilolezo kuti igwiritse ntchito zithunzi za katundu wake womwe. Ndalama zolipirira wolemba kaundula, wojambula ndi wosamalira mafayilo ziyenera kukhala m'bajeti ya chaka ndi chaka, monga zimakhalira za mlonda ndi za denga.

Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti atolankhani anu akaitanidwa ku mwambo wotsegulira tsamba latsopano la myuziyamu, laibulale kapena malo osungiramo zikalata, asabwereko ndi zithunzi za akuluakulu akudula riboni zokha. Afunse kuti mwa zinthu zonse zimene bungwelo likusunga, ndi zingati zimene zalembedwa m'kaundula ndi kujambulidwa, kope lachiwiri la mafayilo likusungidwa kuti, ndiponso ndani adzalipire ntchitoyo thandizo likadzatha. Akatero atsegule tsambalo pa foni wamba, alembe dzina la chinthu m'chilankhulo cha anthu amene anachipanga, ndipo adzatiuze owerengafe ngati chinapezeka.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda mbiri ndi chikhalidwe